Bowa wa oyisitala safa ndi njala: chotsani yureya m'majumbo

Pakati pa alimi a bowa wa oyisitala muno mu Blantyre pali mkangano umene sukutha, ndipo umakula nyengo yotentha ikafika, majumbo a mapesi olimiramo bowayo akayamba kubiriwira ndi chuku m'mashedi. Ena akuti zokolola zikuchepa chifukwa bowa ali ndi njala, choncho m'mapesi muzilowa madeya ambiri, ufa wa soya, ngakhalenso supuni ya yureya. Ena akuti ayi, zowonjezerazo ndi zimene zikupha mbewu. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ndipo ndinena mosapsatira: kwa mlimi amene amaphika mapesi ake mu mgolo wa malita 200 pa moto wa nkhuni, yureya sayenera kulowa m'jumbo, ndipo madeya asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa mapesi ouma. Chifukwa chake chili m'chibadwa cha bowa ameneyu. Ndi wa m'gulu la bowa wovunditsa mitengo, ndipo gulu limeneli limakhala ndi moyo pamalo posowa chakudya chomanga thupi chifukwa limagaya mapuloteni a m'thupi mwake momwe n'kuwagwiritsanso ntchito.

Tiyambe ndi kumene bowayu amachokera. Chipika chouma, monga zimene zimagona pansi m'nkhalango ya Michiru, n'chodzaza ndi chakudya chopatsa mphamvu: cellulose, hemicellulose ndi lignin, zonse zopangidwa ndi kaboni. Chimene chikusowa ndi nayitirojeni, yemwe popanda iye puloteni sangapangike. Mu kilogalamu imodzi ya mtengo wouma nthawi zambiri mumapezeka nayitirojeni wosapitirira galamu imodzi, ndipo pa gawo limodzi la nayitirojeni pamakhala magawo 300 mpaka 500 a kaboni, m'mitengo ina kuposa 1,000. Mabakiteriya ambiri ndi chuku wamba sizipita patali pa chakudya chotere. Bowa wovunditsa mitengo yekha ndiye amayanga, n'kumatulutsa maenzaimu, timadzi togaya thabwa, chikhalirecho maenzaimuwo nawonso ndi mapuloteni ofuna nayitirojeni.

Chimene chimamupulumutsa n'chakuti sataya kanthu. Thupi lenileni la bowa si chija timathyola n'kukazinga, koma ulusi woyera umene umayanga m'kati mwa chipika kapena m'jumbo. Ulusiwu umakula kunsonga kokha. Kunsongako ndiko kumafunika maenzaimu atsopano ndi khoma latsopano, pamene kumbuyo, komwe chakudya chofewa chatha, ulusi wakale umatsala wopanda ntchito. M'tizipinda ta ulusi wakalewo kachikopa kopyapyala kamakuta gawo la zam'kati n'kulipititsa m'kathumba kotchedwa vacuole, momwe muli asidi pang'ono ndi maenzaimu odula mapuloteni, otchedwa protease. Njira imeneyi asayansi amaitcha autophagy, ndipo ndi imene Yoshinori Ohsumi wa ku Japan analandirira mphoto ya Nobel mu 2016 ataifufuza mu yisiti. Chimodzi mwa zinthu zimene zimaiyambitsa mwamphamvu ndi kusowa kwa nayitirojeni. Palinso njira ina yochita kusankha: puloteni amene watha ntchito kapena wapindika molakwika amamatidwa kachizindikiro kotchedwa ubiquitin, n'kulowetsedwa m'chida chodulira chotchedwa proteasome. Njira ziwirizi zimathera pamodzi. Puloteni amaduka n'kukhala ma amino asidi, tizidutswa timene timapanga puloteniyo, ndipo nayitirojeni wake amasungidwa kwambiri mwa arginine, yemwe amanyamula maatomu 4 a nayitirojeni, ndi glutamine, yemwe amanyamula 2. Katunduyu amadutsa m'timabowo ta pakati pa tizipinda n'kupita kutsogolo kumene ulusi ukukula. Kumbuyo kumatsala makoma opanda kanthu m'kati, ndipo ngakhale makomawo, poti ali ndi chitin, chinthu chowalimbitsa chomwe chilinso ndi nayitirojeni, bowa amatha kuwakumbako pang'ono. Zili ngati munthu amene akumanga chipinda chatsopano kutsogolo kwa nyumba n'kumasasula malata a chipinda chakale kuti afolerere chatsopanocho.

Zimenezi si zongoganizira. M'zaka za m'ma 1960, Ellis Cowling ndi anzake ku America anayesa bowa wotchedwa Trametes versicolor, wa mizeremizere uja amamera pa zitsa. Atamupatsa chakudya cha nayitirojeni wochuluka, ulusi wake unali ndi nayitirojeni wopitirira pang'ono magawo 4 pa 100 alionse. Atamumana kwambiri, unatsika kufika pa 0.2 pa 100, koma bowayo anapitiriza kukula. Kabowa kena koyera konga chikupizo, Schizophyllum commune, kamene kamamera pa nkhuni ndi pa mitengo ya mpanda dzinja likafika, kakasamutsidwira pa chakudya chosowa nayitirojeni kamapitiriza kutambasuka kumphepete pamene mapuloteni a pakati pake akutha. Oyisitala yekha anaonjezerapo nzeru ina. Mu 1984 Greg Thorn ndi George Barron a ku Canada anaonetsa kuti ulusi wake umafooketsa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, manematodi, n'kutigaya, ndipo mu 2023 ofufuza a ku Academia Sinica ku Taiwan anapeza kuti poizoni wake ndi 3-octanone, yemwe amakhala m'timipira tating'ono pa ulusi. Chamoyo chotere chinapangidwira malo a umphawi, ndipo kumeneko n'kumene chimaposa adani ake.

Tsopano timve mbali inayo, chifukwa mfundo zawo si zachibwana. Yoyamba ndi yakuti bowa ndi ndiwo yomanga thupi, ndipo puloteni sachokera mu mpweya; kugwiritsanso ntchito chinthu sikuchichulukitsa. Izi n'zoona kwathunthu. Bowa satenga nayitirojeni wa mu mpweya monga zimachitira nyemba kudzera m'mabakiteriya a m'mizu yake, choncho chilichonse chimene chatuluka m'jumbo chinalowamo ndi mlimi. Koma tiyeni tiwerenge. Bowa wosaumitsa ali ndi madzi pafupifupi magawo 90 pa 100, ndipo kilogalamu imodzi imanyamula nayitirojeni wa magalamu 4 mpaka 6. Mapesi a chimanga si thabwa ayi: kilogalamu imodzi ya mapesi ouma ili ndi magalamu pafupifupi 5 mpaka 8 a nayitirojeni. Mbewu ya bowa imabwera pa njere za mapira kapena mawere, ndipo ikathiridwa magawo 5 pa 100 a kulemera kwa mapesi onyowa imabweretsa galamu ina imodzi. Magalamu 100 a madeya amaonjezera magalamu ena osakwana 2. Zonse pamodzi zikufika magalamu 8 kapena kuposerapo. Mlimi amene wakolola magalamu 700 a bowa pa kilogalamu ya mapesi ouma, zomwe ndi zokolola zabwino pa ulimi wa mu mgolo, watulutsa magalamu 3 kapena 4 okha. Nkhokwe inali yokwanira. Ndipo nthawi yobereka ikafika, maprotease amachuluka mu ulusi, mapuloteni amene anasungidwa masabata onse aja amagayidwa n'kusamukira m'bowa amene akutuluka pa bowo la jumbo. Choncho chimene chimasankha kukula kwa zokolola zoyamba ndi kuchuluka kwa ulusi wathanzi umene unadzaza jumbo, osati zimene zinathiridwa zokha.

Mfundo yachiwiri ndi yamphamvu kuposa yoyamba. Amati alimi akuluakulu a kunja amathira madeya a tirigu magawo 20 pa 100, ena amasakaniza utuchi ndi makoko a soya theka ndi theka, ndipo amakolola zochuluka. N'zoonanso, ndipo sindikutsutsa kuti chakudya chowonjezera chimakweza zokolola. Koma amene amanena zimenezi amasiya theka la nkhaniyo. Majumbo amenewo amaphikidwa m'makina otseka a nthunzi pa madigiri 121 kwa maola awiri kapena kuposa, ndipo mbewu imathiridwa m'chipinda cha mpweya wosefedwa. Mgolo wa ku Machinjiri kapena ku Bangwe sungapitirire madigiri 100, ndiponso poti mzinda wathu uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi amawira asanafike n'komwe pa 100. Pa kutentha kumeneko njere zogona za mabakiteriya a mtundu wa Bacillus sizifa. Kenako mbewu imathiridwa pakhonde kapena m'chipinda wamba momwe njere za chuku chobiriwira, Trichoderma, zikuuluka mu mpweya. Tsono funso ndi lakuti ndani adye msanga chakudya chofewacho. Ufa wa soya uli ndi nayitirojeni pafupifupi magawo 7 pa 100, madeya ali ndi ufa wosavuta kugaya, ndipo pa chakudya chotere Trichoderma ndi mabakiteriya amathamanga kuposa oyisitala. Pa mapesi okhaokha adaniwa amachedwa, oyisitala n'kuwapitirira. Mlimi akathira soya amakhala wachotsa mwayi umodzi wokha umene bowa wake anali nawo.

Apa palinso nkhani ya kutentha, imene ambiri saiganizira. Ulusi ndi mabakiteriya zikamadya zimatulutsa kutentha, ndipo chakudya chikachuluka kutenthako kumakweranso. M'kati mwa jumbo mumatentha madigiri angapo kuposa m'chipinda. Ulusi wa oyisitala umayenda bwino pa madigiri 24 mpaka 28, umafooka ukapitirira 35, ndipo kuyandikira 40 umafa. Mu Okutobala ndi Novembala, m'shedi ya malata ku Chileka kapena ku Lunzu, chipinda chokha chimafika kale m'ma 30. Jumbo lalikulu lodzaza madeya, losanjikizidwa ndi anzake mothithikana, limapsa pakati. Mukaling'amba mumapeza kunja kuli koyera koma pamtima pali pakuda, ponyowa, ponunkha chowawasa. Jumbo lomwelo mu Juni, chiperoni chikuwomba, likanatha kupulumuka, ndipo n'chifukwa chake anthu awiri othira muyezo umodzi amakangana osamvana: wina anayesa nyengo yozizira, wina yotentha.

Mfundo yachitatu ndi ya yureya yeniyeniyo. Amati yureya amalowa mu manyowa a Mbeya pamodzi ndi madeya, phulusa ndi ndowe, ndipo amalowanso mu manyowa olimira bowa woyera wa batani, nanga bwanji osalowa m'jumbo la oyisitala? Yankho lili pa chimene chimachitika yureya akanyowa. Mabakiteriya ali ndi enzaimu yotchedwa urease imene imamusandutsa amoniya. M'munda amoniyayo amagwidwa ndi dothi, mabakiteriya ena amamusintha, chimanga n'kumwa. M'jumbo lomanga kukamwa alibe kothawira, ndipo amoniya ndi poizoni kwa ulusi wa bowa. Laimu amene timathira kuti achepetse asidi amangoipitsa zinthu, chifukwa pamalo opanda asidi amoniya amakhala mpweya womasuka, womwe ndi woopsa kwambiri. Bowa wa batani, Agaricus bisporus, ndi wa mtundu wina: amadya manyowa ovunda kale, osati thabwa. Alimi ake amathira yureya kapena zitosi za nkhuku poyambirira, mulu n'kuvunda masabata awiri kapena atatu, kenako amautenthetsa pa madigiri pafupifupi 60, n'kuusunga pa 45 mpaka 50 kwa masiku angapo mpaka fungo la amoniya litatheratu. Mbewu imalowa pambuyo pa zonsezi. Amene amasungunula yureya m'madzi onyikira mapesi lero n'kuthira mbewu mawa wadumpha ntchito yonseyo.

Kunena chilungamo, alipo ofufuza amene anayesa yureya wochepa kwambiri pa oyisitala n'kupeza phindu. Koma malire ake ndi opyapyala, ndipo yureya ali ndi nayitirojeni magawo 46 pa 100. Supuni imodzi yodyera imanyamula magalamu pafupifupi 5 a nayitirojeni, ofanana ndi amene ali m'magalamu 300 a madeya. Munthu woyeza ndi dzanja kapena chivindikiro cha botolo sangakhale mkati mwa malire otere. Chizindikiro chake chimadziwika: jumbo limanunkha ngati mkodzo, mbewu imakhala pamalo amodzi osayanga, ndipo pakapita masiku pamamera tibowa tamiyendo yaitali tosungunuka n'kukhala inki yakuda. Tibowa timeneti, ta m'banja la Coprinus, timakonda pamene pali amoniya.

Mfundo yachinayi imamveka bwino kwa aliyense amene anaonapo shedi. Zokolola zoyamba zimakhala zochuluka, zachiwiri zimachepa, zachitatu n'tibowa towerengeka. Kodi imeneyi si njala? Mbali ina ndi njala ndithu, poti nkhokwe ya mapuloteni imene ulusi unasonkhanitsa imapita kwambiri ku zokolola zoyamba, zomwe kawirikawiri zimakhala theka la zonse kapena kuposa. Koma izi zimachitika ngakhale m'majumbo odyetsedwa bwino a kunja aja. Ndi mmene bowayu amaberekera. Pakati pa zokolola ulusi umafuna masiku 7 mpaka 14 kuti ugaye mapesi ena, usasule zigawo zakale, usonkhanitsenso chakudya pafupi ndi mabowo. Chimene chimasowa msanga si nayitirojeni koma madzi. Jumbo la makilogalamu 3 likatulutsa theka la kilogalamu ya bowa lataya madzi pafupifupi theka la lita, osawerengera amene auluka. Popanda madzi, ma amino asidi aja sayenda mu ulusi. Jumbo lopepuka likufuna chinyezi cha magawo 85 mpaka 90 pa 100 m'chipinda, pansi pothiridwa madzi, masaka onyowa m'makoma, mwinanso kulinyika m'madzi oyera kwa maola angapo. Kulipopera madzi a feteleza kapena a shuga kumangodyetsa chuku pa zipsera za pamene munathyola. Zitsa za bowa zotsala pa bowo nazonso zichotsedwe, chifukwa zimadzigaya zokha n'kuitana ntchentche. Kudzigaya komweku n'kumene kumachititsa kuti bowa wothyola kale afewe ndi kusintha fungo pakangopita masiku awiri kapena atatu kunja kwa firiji. Maprotease sasiya ntchito chifukwa choti bowa wafika pa msika wa Limbe.

Pali malo amodzi pamene ndikugwirizana nawo a mbali inayo, ndipo ndi pa utuchi. Utuchi wa kwa akalipentala a ku Ndirande ndi thabwa lenileni, la galamu imodzi ija, ndipo bowa wolimidwa pa utuchi wokha amayanga mopyapyala n'kubereka mochedwa. Luso lake losunga nayitirojeni limamuthandiza kukhala ndi moyo, koma mlimi akufuna zokolola m'masabata asanu, osati chaka chamawa. Pamenepo madeya a magawo 15 mpaka 20 pa 100 ali ndi malo, malinga majumbo akhale aang'ono, a kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo aphikidwe nthunzi nthawi yaitali kwambiri kuposa ya mapesi. Njira yosavuta ndi kusakaniza utuchiwo ndi mapesi, zitsononkho zophwanya, kapena makoko ndi mitengo ya soya ndi nyemba, zomwe nayitirojeni wake ndi womangika m'kati ndipo amatuluka pang'onopang'ono. Utuchi wa paini ndi wa bulugamu uli ndi utomoni ndi mafuta amene amabweza ulusi m'mbuyo, choncho uyambe wakhala pa mulu panja, ukunyowetsedwa ndi kutembenuzidwa, kwa masabata angapo. Wa matabwa opakidwa mankhwala a chiswe usayandikire n'komwe.

Kwa wolima pa mapesi, muyezo umene ndikuuteteza ndi uwu. Mapesi akhale ouma bwino, osachita chuku m'munda, odulidwa masentimita 2 mpaka 5. Pa makilogalamu 10 a mapesi ouma, madeya asapitirire kilogalamu imodzi, ndipo nyengo yotentha theka la kilogalamu likukwana, ngakhale kusathira konse. Laimu wa ulimi akhale magalamu 100 mpaka 200, chifukwa Trichoderma amakonda pamene pali asidi. Madzi akhale magawo 60 mpaka 70 pa 100: mukafinya mapesi m'dzanja padonthe dontho limodzi kapena awiri, osati kuchucha. Madeya asakanizidwe asanaphikidwe, osati pambuyo, ndipo akhale atsopano, poti okhalitsa amabwera ndi chuku chawo. Nthunzi iwerengedwe kuyambira pamene yayamba kutuluka mwamphamvu pachivindikiro, maola atatu kapena anayi, osati kuyambira pamene moto wayatsidwa. Mapesi azizire kufika pansi pa madigiri 30 mbewu isanalowe. Ndipo ngati pali ndalama yowonjezera, ipite ku mbewu, osati ku soya. Kukweza mbewu kuchoka pa magawo 3 kufika pa 5 pa 100 kapena kuposerapo pang'ono kumachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: jumbo limadzaza msanga, mkati mwa masabata atatu, ndipo njere za mapirazo ndi chakudya chomanga thupi chimene bowa wagwira kale, chuku sichingamulande. Mbewuyo ikhale yanthete, yoyera, yonunkhira bowa. Yokhalitsa, yachikasu, yotuluka timadzi m'botolo, yayamba kale kudzidya ndipo imadzuka mochedwa.

Amene akukayikabe asatsutsane ndi pakamwa. Apange majumbo 30 tsiku limodzi, ndi mbewu imodzi, mu mgolo umodzi: 10 a mapesi okha, 10 a madeya magawo 10 pa 100, ndi 10 a muyezo wawo umene amaukhulupirira. Alembe pa jumbo lililonse, awasakanize pa thandala kuti gulu lina lisakhale pamalo pozizira lokha, ndipo ayeze pa sikelo zokolola zonse mpaka kachitatu. Powerengera zokolola za jumbo limodzi pa gulu lililonse, agawe ndi majumbo onse 10, kuphatikizapo amene anabiriwira n'kutayidwa, chifukwa kuwerengera opulumuka okha ndi kumene kwachititsa kuti soya ndi yureya azioneka ngati opambana. Ndipo ayese kawiri, mu Juni ndi mu Okutobala.